Diski ikadzaza pomwe pali masnapshot: zoyenera kuchita musanafufute kanthu

Uthenga wa `No space left on device` ukatuluka pa seva ya Linux, dzanja limathamangira kufufuta. Ligwireni kaye. Pa diski wamba ya ext4, mukafufuta fayilo ya 10 GB mumapezadi 10 GB. Koma pa btrfs, ZFS kapena LVM thin, zomwe ndi njira zina zosungira mafayilo pa diski, ngati fayiloyo inalipo pa nthawi imene snapshot (chithunzi chosunga mafayilo mmene analili pa nthawi imeneyo) inkajambulidwa, snapshot imaigwirabe ndipo malo sabwerera ngakhale pang'ono. Choipa kwambiri n'chakuti pa btrfs ndi ZFS kufufuta nakonso ndi kulemba. Awiriwa salemba pamwamba pa zakale. Akafuna kusintha metadata, yomwe ndi kaundula wosonyeza kuti fayilo iliyonse ili pati, amalemba kaundula watsopano pamalo ena, kenako n'kumasula wakale. Zili ngati chipinda chodzaza matumba mpaka pakhomo: kuti mutulutse la mkati, mufunika kaye pena poika limene latchinga khomo. N'chifukwa chake `rm` yeniyeniyo nthawi zina imakana ndi uthenga womwewo.

Yambani ndi kuimitsa chimene chikulemba

Malo alionse amene mungapeze adzatha m'mphindi zochepa ngati pulogalamu yodzaza diskiyo ikadali kuthamanga. Iimitseni ndi `systemctl stop`, osati `kill -9`, makamaka ikakhala database. Imitsaninso zojambula masnapshot pazokha: `systemctl stop snapper-timeline.timer` pa makina a Snapper, `sanoid.timer` pa amene amagwiritsa ntchito Sanoid, kapena mzere wa cron umene umachita ntchitoyi. Snapshot yatsopano ikajambulidwa muli mkati moyeretsa, imagwira mafayilo omwewo amene mukufuna kuchotsa.

Musazimitse n'kuyatsanso kompyuta pongoyesa mwayi. Makina amene diski yake yadzaza amatha kulephera kudzuka bwino, ndipo ngati mumalowamo kudzera pa SSH muli kutali, mwadzitsekera kunja nokha.

Chadzaza n'chiyani kwenikweni?

Uthengawo ndi umodzi koma zoyambitsa zake n'zosiyana. Malamulo atatu awa amakusiyanitsirani msanga:

```
df -h
df -i
lsof +L1
```

Loyamba likusonyeza malo. Lachiwiri likusonyeza ma inode, timakalata tofotokoza fayilo iliyonse, kamodzi pa fayilo imodzi: pa ext4 chiwerengero chawo chimakhazikitsidwa pa nthawi yopanga filesystem, kawirikawiri inode imodzi pa 16 KiB iliyonse, ndipo timafayilo ting'onoting'ono mamiliyoni, monga ta cache kapena ta maimelo osatumizidwa, timatha kuwamaliza diski ili ndi malo ambirimbiri. Mukaona `IUse%` ili pa 100, kufufuta fayilo imodzi yaikulu sikuthandiza. Funani foda imene muli timafayilo tambiri. Lachitatu likusonyeza mafayilo amene anafufutidwa koma pulogalamu ina ikadawagwirabe. Izi zimachitika kwambiri munthu akafufuta log ya pulogalamu yomwe ikuthamanga: dzina limachoka, malo sabwerera. Yambitsaninso pulogalamuyo, kapena khuthulani fayiloyo kudzera pa nambala zimene `lsof` yakupatsani, mwachitsanzo `: > /proc/1234/fd/7`.

Pa ext4 palinso 5 peresenti imene imasungidwira root. Pa diski ya 500 GB ndi 25 GB yathunthu. `tune2fs -m 1 /dev/sda2` imatsitsa gawoli kufika pa 1 peresenti ndipo mumapeza 20 GB nthawi yomweyo, popanda kutsitsa diski (`umount`). Pa diski yosungira mafayilo okha palibe vuto kusiya choncho, koma pa `/` bwezerani 5 vuto likatha.

Zotsala n'zodziwika: `journalctl --vacuum-size=200M`, `apt clean`, `docker system df` kuti muone zimene Docker yaunjika, ndi `du -xh --max-depth=1 /var | sort -h`. Izi zimagwira bwino pa ext4 ndi XFS. Pomwe pali masnapshot, zimabweza malo a mafayilo okhawo amene analembedwa snapshot yomaliza itajambulidwa kale.

Lamulo limodzi lisanaiwalike, lokhudza mitundu yonse ili m'munsimu: pochotsa masnapshot yambani ndi akale, ndipo siyani yomaliza imene inajambulidwa diski isanadzaze. Mudzaifuna.

LVM: mitundu iwiri yosafanana

Snapshot yakale ya LVM, yopangidwa ndi lamulo ngati `lvcreate -s -L 5G -n isanasinthe vg0/root`, imakhala ndi malo ake amene munaipatsa. Buloko iliyonse ikasintha koyamba pa voliyumu yeniyeni, yakaleyo imakoperedwa mu 5 GB ija. Onani `Data%` pa `lvs`. Ikafika pa 100, snapshot imafa ndipo palibe njira yoidzutsira. Voliyumu yeniyeni imapitiriza kugwira ntchito bwinobwino. Choncho ngati ili pa 90 ndipo mukuifunabe, `lvextend -L +5G vg0/isanasinthe` pompo. Ngati yafa kale, `lvremove` basi.

Thin pool, nkhokwe imodzi ya malo imene mavoliyumu ambiri amatungamo, ndiye yoopsa, ndipo ambiri ali nayo osadziwa, chifukwa Proxmox VE, pulogalamu yoyendetsa ma VM (makompyuta ongoyerekezera a mkati mwa seva), ikaikidwa pa ext4 kapena XFS imapanga `pve/data` yamtunduwu. Mavoliyumu amalonjezedwa malo ambiri kuposa amene alipodi, ndiye `df` mkati mwa VM imatha kusonyeza theka lopanda kanthu pomwe pansi pake pool yatha. Onani motere:

```
lvs -a -o lv_name,lv_size,data_percent,metadata_percent
vgs
```

Data ikafika pa 100, kernel imaimika zolemba pamzere kwa masekondi 60 kudikira kuti wina awonjezere malo, kenako imayamba kubweza zolakwika. QEMU, pulogalamu imene imathamangitsa VM, ikalandira uthenga wa kutha kwa malo imaimitsa VM m'malo moilola kulemba zoduka, ndipo Proxmox imasonyeza `io-error`. VM yotere musaizimitse mokakamiza. Zimene inkalemba zikadali mu memory. Ngati `VFree` pa `vgs` ili ndi kanthu, `lvextend -L +20G pve/data`, kenako `qm resume` ndi nambala ya VM. Ngati ilibe, chotsani snapshot yakale ndi `qm delsnapshot`, kapena lowetsani diski ina ndi `pvcreate` ndi `vgextend`.

Yang'anitsitsani `Meta%`. Gawo la metadata limakhala laling'ono, masnapshot ambiri amalidya msanga, ndipo likadzaza pool imasiya kulandira zolemba mpaka mutaikonza ndi `lvconvert --repair` mavoliyumu onse atatsitsidwa. Ikadutsa 80, `lvextend --poolmetadatasize +1G pve/data` ndi mankhwala otchipa kwambiri kuposa kukonzako.

Kufufuta mafayilo mkati mwa VM sikubweza malo ku pool pakokha. Pamafunika `fstrim -av` mkatimo, ndiponso kuti diski ya VM ikhale ndi discard yoyatsidwa. Mu `/etc/lvm/lvm.conf` muli `thin_pool_autoextend_threshold` ndi `thin_pool_autoextend_percent`. Yoyambayo ikakhala pa 100 ndiye kuti pool sidzikulitsa yokha. Kuika 70 ndi 20 kumathandiza pokhapokha ngati mu volume group munasiyidwa malo.

Btrfs: diski yodzaza yomwe ili ndi malo

Apa `df` musaikhulupirire. Btrfs imagawa diski m'zigawo: za data, kawirikawiri 1 GiB chilichonse, ndi za metadata, za 256 MiB kapena 1 GiB kutengera kukula kwa diski. Chigawo chikaperekedwa ku data, metadata singalowemo, ngakhale chitakhala pafupifupi chopanda kanthu. Lamulo loona zenizeni ndi ili:

```
btrfs filesystem usage /
```

Mzere wofunika ndi `Device unallocated`. Tiyerekeze diski ya 250 GiB: unallocated yatsala 1 MiB, data inapatsidwa 243 GiB koma yagwiritsa 190, metadata inapatsidwa 3 GiB ndipo yagwiritsa 2.6. `df` iti muli ndi malo opitirira 50 GiB. Komabe simungalembe, chifukwa metadata yasowa pokulira: kotsalako n'kofanana ndi global reserve, malo osapitirira 512 MiB amene btrfs imadzisungira pa ntchito zadzidzidzi. Kumbukiraninso kuti pa diski imodzi metadata nthawi zambiri imalembedwa kawiri, ndiye chigawo chatsopano chimafuna malo owirikiza.

Ntchito yanu ndi kubweza zigawo za data ku unallocated. Yambani ndi zopanda kanthu, zomwe sizifuna malo posuntha:

```
btrfs balance start -dusage=0 /
btrfs balance start -dusage=5 /
btrfs balance start -dusage=10 /
```

Nambalayo ikutanthauza kuti zigawo zodzaza mosafika peresenti imeneyo ziphatikizidwe. Kwerani pang'onopang'ono, 20, 30, mpaka 50, uku mukuona unallocated. Ikafika pa 5 GiB kapena 10 GiB lekani. Balance yopanda `-dusage` imalemberanso diski yonse, imatenga maola, ndipo pa diski yodzaza imalephera panjira. Metadata musaipange balance pa nthawi ngati iyi, chifukwa mumangoilanda malo amene ikufunawo. `btrfs filesystem defragment` nayonso ipeweni: imalekanitsa mabuloko amene fayilo inkagawana ndi masnapshot, ndiye malo amachepa m'malo mochuluka.

Ngati data yadzazadi, nkhani ndi masnapshot. Pa openSUSE ndi makina ena a Snapper, `snapper list`, kenako `snapper delete --sync 40`. Pa Linux Mint ndi ena a Timeshift, `timeshift --list` ndi `timeshift --delete --snapshot` ndi dzina lake. Popanda zida izi, `btrfs subvolume list -s /` ndi `btrfs subvolume delete`. Kuti mudziwe yolemera, `btrfs filesystem du -s /.snapshots/*/snapshot` imasonyeza `Exclusive`, malo amene snapshot imeneyo yagwira yokha. Chotsani imodziimodzi pamene metadata ili yothina. Lamulo lochotsa limabwerera msanga koma kuyeretsa kwenikweni kumachitika kumbuyo, ndipo `btrfs subvolume sync /` imadikira mpaka kuthe. Ambiri amaona malo osasintha n'kuchotsa masnapshot ena khumi pachabe.

Balance ikakana ngakhale pa 0 ndi 5, bwerekani diski ina kwa kanthawi:

```
btrfs device add /dev/sdc1 /
btrfs balance start -dusage=10 /
btrfs device remove /dev/sdc1 /
```

8 GB kapena 16 GB imakwana, ndipo zimene zinali pa `/dev/sdc1` zimatayika. Pakati pa lamulo loyamba ndi lachitatu, filesystem yanu yonse ikudalira diski yobwerekayo, popeza metadata yatsopano imatha kulembedwa pamenepo. Pa intaneti mudzapeza ena akulangiza kugwiritsa ntchito RAM disk. Kwathu kuno, komwe magetsi amathima osatsanzika, imeneyo ndi njira yotayira zonse. Fulashi yotchipa nayonso ndi yokayikitsa. SSD yolumikiza pa USB ndiyo yabwinoko, ndipo musaizule mpaka `device remove` itatha ndi `btrfs filesystem show` itasonyeza diski imodzi.

Filesystem ikakhala kuti yadzitseka yokha kukhala read-only, onani `dmesg`. Mukapeza `Transaction aborted` ndi `error -28`, `mount -o remount,rw` sigwira. Imafunika kuitsitsa n'kuikwezanso, ndipo ngati ndi `/`, dzutsani makina ndi Linux ya pa fulashi. Poikweza onjezani `-o skip_balance` kuti balance yomwe inadukira panjira isayambirenso yokha.

ZFS: nambala ya USED imanamiza

ZFS imadzisungira gawo limodzi mwa magawo 32 a pool (malo onse a madiski ake ataphatikizidwa), monga 64 GiB pa pool ya 2 TiB. Zolemba wamba zimakanidwa malowa asanakhudzidwe, koma `rm` ndi `zfs destroy` zimaloledwa kudyako, n'chifukwa chake kudzipulumutsa pa ZFS yamakono n'kosavuta kusiyana ndi pa btrfs. Yambani motere:

```
zpool list
zfs list -o space
zfs list -t snapshot -o name,used,refer -s creation tank/data
```

`USEDSNAP` ikukuuzani malo onse amene masnapshot a dataset imeneyo (gawo la pool, monga `tank/data`) agwira. Mukaphatikiza `USED` ya snapshot iliyonse simufika pa nambalayo, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka. `USED` imawerenga mabuloko amene snapshot imodziyo yagwira yokha. Fayilo ya 100 GB imene inakhalapo masiku atatu ili mu masnapshot atatu a tsiku ndi tsiku, ndiye palibe ngakhale imodzi imene imaiwerenga. Mukachotsa iwiri simupeza kanthu. Yachitatu ndiyo imabweza 100 GB yonse. Funsani kaye musanachotse:

```
zfs destroy -nv tank/data@daily-01%daily-10
```

`-n` ikutanthauza kuti isachotse kanthu, `%` ikutenga masnapshot onse kuchokera pa yoyamba kufika pa yachiwiri, ndipo mzere womaliza wa `would reclaim` ukunena malo amene mungapeze. Sinthani malire mpaka mwapeza kagulu kochepa kobweza malo ambiri, kenako chotsani `-n`. Malo amabwera pang'onopang'ono. `zpool get freeing tank` imasonyeza otsala.

Zinthu ziwiri zingakanize. Snapshot yokhala ndi hold imakana kuti ili busy: onani ndi `zfs holds`, ndipo musanamasule ndi `zfs release` dziwani amene anaiika, chifukwa kawirikawiri ndi pulogalamu yotumiza backup. Yokhala ndi clone imakana ndipo uthengawo umakulangizani `-R`. Musatsatire mwachimbulimbuli: `-R` imachotsa clone yomweyo, yomwe ingakhale diski ya VM ikugwira ntchito.

Ngati mumatumiza backup ndi `zfs send -i`, snapshot yomaliza imene ili mbali zonse ziwiri ndiyo chingwe chanu. Ikachotsedwa, mudzatumizanso dataset yonse kuyambira pachiyambi, ndipo pa intaneti yogula ndi bandulo zimenezo n'zowawa. Kumbali yotumiza mungaisandutse bookmark, `zfs bookmark tank/data@daily-10 tank/data#daily-10`, yomwe sigwira mabuloko koma imakwana kuyambira kutumiza kotsatira. Kumbali yolandira snapshot yeniyeni iyenera kukhalapo.

Nthawi zina pool ili ndi malo koma dataset imodzi ikukana. Onani `zfs get quota,refquota,refreservation`. `quota` imawerenga ndi masnapshot omwe, `refquota` siwerenga. Pa zvol (gawo la pool looneka ngati diski payokha) yokhala ndi `refreservation`, snapshot imaloledwa pokhapokha ngati kunja kwa malo osungidwawo kuli malo ofanana ndi zonse zimene zvol yalemba, ndiye zvol yodzaza 300 GB imakana kujambulidwa pa pool yotsala ndi 200 GB. Ndipo njira yobwereka diski ija musaibweretse kuno: `zpool add` pa pool ya raidz sibwezeka, diskiyo imakhala mbali ya pool mpaka kalekale.

Madatabase

PostgreSQL ikalephera kulemba mu `pg_wal` imachita PANIC n'kudzizimitsa. Mufodayo mudzaona mafayilo ambiri a 16 MB ooneka ngati zinyalala. Musafufute ngakhale imodzi ndi manja, chifukwa database imawafuna podzuka. Pezani malo kwina, idzutseni, kenako funani chimene chikuwaunjika: nthawi zambiri ndi `archive_command` yolephera kapena replication slot yosiyidwa, imene imaoneka pa `SELECT slot_name, active FROM pg_replication_slots;`. Kuyambira pa PostgreSQL 13 pali `max_slot_wal_keep_size` yoikira malire. MySQL imatha kudikira n'kumayang'ana mphindi iliyonse ngati malo apezeka. Ma binary log ake chotsani ndi `PURGE BINARY LOGS`, osati `rm`. `VACUUM FULL` ya PostgreSQL ndi `VACUUM` ya SQLite zimalemba kope latsopano zisanataye lakale, choncho si zida za tsiku limene diski yadzaza.

Kulemba kosaononga zakale

Chizindikiro cha `>` mu shell chimakhuthula fayilo kaye kenako n'kulemba. Diski ikakhala yodzaza, kukhuthulako kumatheka koma kulembako kumalephera, ndipo backup ya dzulo yomwe inali yabwino imasanduka 0 bytes. Lembani pa dzina lina mufoda yomweyo, kakamizani kuti zifike pa diski, kenako sinthani dzina:

```
set -euo pipefail
pg_dump malonda | gzip > malonda.sql.gz.tmp
sync malonda.sql.gz.tmp
mv malonda.sql.gz.tmp malonda.sql.gz
```

`sync` ili ndi ntchito yake: kernel imalandira zolemba mu memory, ndipo pa thin pool kapena NFS kulephera kumatha kudziwika mochedwa, pa `fsync` kapena `close`. Pulogalamu yongoyang'ana zotsatira za `write` imaganiza kuti zonse zayenda. `pipefail` imaonetsetsa kuti `pg_dump` ikalephera, `gzip` isabise. Pa ext4 ndi XFS mungasungiretu malo ndi `fallocate`. Pa btrfs yokhala ndi masnapshot ndi pa ZFS lonjezo lake musalidalire.

Malo obisa a tsiku loipa

Pa ext4 kapena XFS, `fallocate -l 2G /malo-osungira` imakupatsani fayilo yoti mudzafufute zinthu zikathina. Pa ZFS pangani dataset yopanda kanthu:

```
zfs create -o refreservation=20G -o mountpoint=none tank/osungira
```

Tsiku la vuto, `zfs set refreservation=none tank/osungira` imamasula malowo pompo. Pa btrfs fayilo yotere iyenera kukhala mu subvolume imene sijambulidwa, ndipo idzazidwe kuchokera ku `/dev/urandom`, chifukwa maziro amapanikizidwa n'kutsala opanda kulemera ngati compression ili yoyatsa. Njira yabwino koposa ndi kusiya 5 GB kapena 10 GB yosagawidwa kumapeto kwa diski kapena mu volume group, kuti mudzangokulitsa partition n'kulemba `btrfs filesystem resize max /`. Chenjezo liikeni pa nambala zoyenera: `Device unallocated` pa btrfs, `CAP` pa ZFS ikamadutsa 80, `Data%` ndi `Meta%` pa thin pool. Mu `/etc/snapper/configs/root`, `NUMBER_LIMIT` ndi mizere ya `TIMELINE_LIMIT` ndiyo imanena masnapshot angati asungidwe, ndipo `snapper-cleanup.timer` iyenera kukhala yoyatsa kuti malirewo agwire ntchito.

Malo akapezeka, fufuzani zimene zinaduka

Musanadzutse mapulogalamu, funani mafayilo amene anakhuthulidwa pa nthawi ya vuto:

```
find /etc /var/lib -xdev -type f -size 0 -mmin -180
```

Sinthani 180 kuti igwirizane ndi mphindi zimene zapita chidzazireni diski. Ena mwa mafayilowo, monga a lock, amakhala opanda kanthu mwachibadwa. Koma fayilo ya config kapena ya state ikapezeka pamndandandawo, ikopereni kuchokera mu snapshot munasiya ija, pansi pa `/.snapshots` pa Snapper kapena `.zfs/snapshot` pa ZFS. Ngati vuto linali la thin pool ndipo filesystem ya mkati inalandira zolakwika, ithamangitseni `e2fsck -f` kapena `xfs_repair` ili yotsitsidwa. Pomaliza yatsaninso timer ya masnapshot imene munaimitsa poyamba, ndipo tsimikizani ndi `systemctl list-timers` kuti yabwereradi pamndandanda.